Tisankhe silabasi iti pophunzitsa ana a pulayimale pakhomo?

Make Tadala (Lilongwe)

Ndikupereka moni kwa makolo nonse a pa gulu lino. Ine ndi bambo a kunyumba tagwirizana zoti chaka cha maphunziro chikubwerachi tiphunzitse ana athu awiri pakhomo, chifukwa ntchito ya bambowa imatisamutsasamutsa ndipo wamkulu, yemwe ali ndi zaka 9, wakhala akusintha sukulu pakati pa teremu mpaka kusokonezeka. Wamng'ono ali ndi zaka 6 ndipo amayenera kuyamba Sitandade 1. Chomwe chandiimitsa mutu ndi silabasi. Mnzanga wina wa kutchalitchi akundilimbikitsa za silabasi ya Chikhristu yochokera ku America yotchedwa ACE, mlamu wanga akuti silabasi ya Cambridge yochokera ku England ndiye yokhayo yopindulitsa, pamene amayi anga, omwe anaphunzitsapo ku pulayimale, akuti ndingogula mabuku a boma basi. Ndikupempha amene mwayendapo njira imeneyi kuti mundiuze zomwe munasankha ndi momwe zikukuyenderani.

Aphunzitsi Opuma (Zomba)

Make Tadala, musanagule buku ngakhale limodzi, khalani pansi ndi bambowo muyankhe funso ili: kodi anawa mukufuna adzalowe sekondale yotani? Ndikufunsa chonchi chifukwa yankho lake ndi limene lisankhe silabasi, osati kukongola kwa mabuku kapena kutchuka kwa dzina.

Ngati mukufuna kuti adzasankhidwe kupita ku sekondale ya boma, kaya yogonera komweko kaya yoyendera, khomo lake ndi limodzi lokha, lomwe ndi mayeso a Sitandade 8 a PSLCE amene amakonzedwa ndi bungwe la MANEB. Mayesowa amachokera mu silabasi imene imalembedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo mwana amayesedwa Chingerezi, Chichewa, Masamu, Sayansi, maphunziro a zachikhalidwe ndi chipembedzo, komanso zaluso pamodzi ndi maluso a moyo. Mwana amene wakula ndi mabuku a ku America akhoza kulankhula Chingerezi chosalala kwambiri, koma akadzafunsidwa za mitsinje ya m'Malawi, za kasamalidwe ka nthaka m'munda wa chimanga, kapena kuti alembe chimangirizo ndi kumasulira zining'a, adzangoluma cholembera. Muzikumbukiranso kuti olemba mayesowa amalembetsedwa kudzera pa sukulu imene ili ndi nambala ya malo olemberapo, choncho ndi bwino kuti mwanayo adzakhale atalowa pa sukulu yeniyeni nthawi yolembetsa isanakwane.

Chinanso, lamulo la maphunziro la 2013 limati maphunziro a pulayimale ndi okakamiza. Pa chifukwa chimenechi ndikukulangizani kuti mukaonekere kwa mlangizi wa sukulu za m'dera lanu, amene timamutchula kuti PEA, pa malo osulirako aphunzitsi (TDC) oyandikana nanu. Mukamufotokozere zomwe mwaganiza, ndipo iyeyo ndi amenenso angakuonetseni mabuku a mphunzitsi a kalasi iliyonse.

Bambo a Yamikani (Blantyre)

Ine ndiyankhulako mbali ya ACE, chifukwa ndi imene tikugwiritsa ntchito ndipo sindikufuna kuti iweruzidwe isanamveke. Dongosolo lake ndi la timabuku tating'onoting'ono totchedwa PACE, ndipo pa phunziro lililonse mwana amamaliza timabuku 12 pa chaka. Asanayambe amalemba kaye mayeso oona pamene nzeru zake zafika, moti akhoza kukhala patsogolo pa kuwerenga koma m'mbuyo pa masamu, ndipo phunziro lililonse amaliyambira pamene akuyenera. M'mawa amadziikira yekha masamba amene amalize tsikulo, amadzichongera poyang'ana m'buku la mayankho, ndipo pa mapeto a kabuku amayenera kupeza malikisi 80 pa 100 kuti apitirire.

Kwa ife amene tonse awiri tili ndi zochita zina, ubwino wake ndi wakuti kholo silikonzekera phunziro usiku. Mwana wanga waphunzira kukhala pansi ndi kumaliza ntchito popanda womuyang'anira mphindi iliyonse, ndipo mavesi a m'Baibulo amene ali m'timabukumo amagwirizana ndi momwe tikufuna kumulerera.

Anaphiri (Mzuzu)

Bambo a Yamikani, zimene mwanenazo ndi zoona, koma ndikupempha kuti muwauzenso Make Tadala za mbali inayo. Ife tinayesapo timabuku tochokera ku America, ndipo tsiku lina ndinapeza mwana wanga akuvutika kuwonkhetsa ndalama zotchedwa nickel ndi dime, komanso kuyeza utali wa tebulo m'mainchi, pamene pa golosale ya pafupi ndi nyumba sankatha kudziwa chenje chomwe ayenera kulandira akapereka K2,000. Nyengo za chaka m'mabukumo ndi zinayi, ndi chipale chofewa pa Khrisimasi, pamene iye akuona mvula ikugwa ndipo anthu akupalira chimanga. Zimenezi zimatheka kukonzedwa, koma amene amakonza ndi kholo, ndiye mfundo yoti kholo silikonzekera imayamba kufooka.

Nkhani ina ndi ya ndalama. Kabuku kalikonse mwana amalembamo, kotero mng'ono wake sangakagwiritsenso ntchito, ndipo mtengo wake umatsatira dola kapena randi. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, mabanja amene ankaitanitsa mabuku kunja anaona okha momwe bajeti ya chaka inasinthira pa tsiku limodzi. Choopsa kwambiri ndi kusiyira panjira, chifukwa mwana amene wayenda zaka zitatu pa dongosolo lina sakhazikika msanga mukamubwezera ku silabasi ya boma.

Chomwe chinandidetsa nkhawa koposa, komabe, ndi chakuti mwana amatha kudzaza mipata m'ziganizo pongofufuza mawu pa tsamba lapitalo, n'kukhoza bwino mayeso a kabukuko, koma mukamufunsa kuti afotokoze ndi pakamwa zomwe waphunzira amasowa chonena.

Bambo a Yamikani (Blantyre)

Anaphiri, za ndalamazo sindikutsutsa, ndipo ife timasintha tokha mafunso a ndalama kuti akhale a makwacha. Koma vuto la kuloweza popanda kumvetsa si la ACE yokha ayi. Ambiri a ife tinaloweza manotsi a pabolodi m'sukulu za boma mpaka kukhoza Sitandade 8 tisakudziwa zomwe tikunena.

Nabanda (Johannesburg)

Kwa amene muli kuno ku South Africa, kapena mukuganiza zobweretsa ana, dziwani kuti kuphunzitsa mwana pakhomo kuli ndi lamulo lake lomveka bwino. Ndime 51 ya lamulo la sukulu la 1996 imafuna kuti kholo lilembetse mwanayo ku dipatimenti ya maphunziro ya chigawo chomwe likukhala, ndipo lamulo losintha malamulo a maphunziro lotchedwa BELA, lomwe Pulezidenti Ramaphosa anasainira mu Seputembala 2024, linawonjezera zoti mwana aziyesedwa ndi munthu woyenerera pa mapeto a Grade 3, Grade 6 ndi Grade 9. Simukakamizidwa kutsatira silabasi ya boma ya CAPS tsamba ndi tsamba, koma zomwe mukuphunzitsa zisachepere pa zomwe zili mmenemo.

Ine ndinasankha CAPS yomweyo chifukwa mabuku olembamo a boma a masamu ndi a chiyankhulo amapezeka aulere pa intaneti, ndipo ndimangosindikiza masamba a sabata imeneyo. Make Tadala, mabuku a masamuwo mukhoza kuwagwiritsa ntchito ngakhale muli ku Lilongwe monga owonjezera, popeza amayeza m'mamita ndi m'makilogalamu ngati kwathu. Chenjezo langa ndi la kalendala: kuno chaka cha sukulu chimayamba mu Januwale pamene kumudzi chimayamba mu Seputembala, ndiye wosamutsa mwana pakati pa maiko awiriwa amataya kapena kubwereza miyezi ingapo.

Make Tadala (Lilongwe)

Zikomo kwambiri nonse. Aphunzitsi, funso lanu latikhalitsa pansi usiku wathawu, ndipo zaoneka kuti ndalama za sekondale zotsatira Cambridge sitingazikwanitse kwa ana awiri, choncho maso athu ali pa PSLCE. Koma ndatsala ndi nkhawa ya wamng'onoyu. Kodi ndiyambe kumuphunzitsa kuwerenga m'Chichewa kapena m'Chingerezi? Pakhomo timalankhula Chichewa, koma ndikuopa kuti ndikachedwa ndi Chingerezi adzatsalira kwa anzake a ku sukulu zolipira.

Aphunzitsi Opuma (Zomba)

Mayi, pa nkhani imeneyi ndilankhula mosazengereza: yambani ndi Chichewa. Chifukwa chake si kukonda chiyankhulo chathu chabe, koma momwe kuwerenga kumagwirira ntchito m'mutu mwa mwana. Mwana akamaphunzira kuwerenga amachita ntchito ziwiri, yoyamba kusandutsa malembo kukhala maliwu, yachiwiri kumva tanthauzo la zomwe watchulazo. Mukamuyambitsa ndi chiyankhulo chomwe sakuchidziwa, ntchito yachiwiriyo imasowa, ndipo amangotchula maliwu osadziwa ngati walondola kapena ayi.

Chichewa chili ndi mwayi wina waukulu, womwe ndi wakuti chimalembedwa pafupifupi momwe chimatchulidwira. Malembo a liwu ndi asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo sasintha kamvekedwe kake. Mukamuphunzitsa a, kenaka m ndi n, tsiku lomwelo akhoza kuwerenga mawu oti amama ndi ana, ndipo mudzaona nkhope yake ikuwala chifukwa wazindikira kuti zolembedwazo zikunena anthu amene amawadziwa. Ine ndinkadula makatoni a sopo, n'kulemba phatikizo limodzi pa kachidutswa kalikonse, monga ka, ma, la, ta, n'kumuuza mwana kuti asuntheko tizidutswato pa mphasa mpaka apange mawu monga kalata kapena malata. Pamene pamafunika kudekha ndi pa maphatikizo a malembo angapo, monga mba, nkha, ng'o, tsa ndi ntcha. Apa musathamange. Muzimupatsa lembetso la mawu asanu tsiku lililonse, ndipo akalakwitsa muzimuuza atchule yekha pang'onopang'ono kuti amve lembo lomwe wasiya.

Chingerezi musachisiye, koma chaka choyamba chikhale cha pakamwa ndi cha m'makutu: nyimbo, malonje, mayina a zinthu za m'nyumba, ndi nthano zomwe inu mukumuwerengera. Akayamba kuwerenga ndime ya Chichewa mosadodoma, ndiye mulowetse maliwu a Chingerezi mwadongosolo, ndipo mudzapeza kuti ambiri mwa malembo opanda liwu akuwadziwa kale. Ndondomeko ya boma yolimbikitsa kuwerenga, imene inayamba m'chaka cha 2016, inatulutsa mabuku a Chichewa ndi a Chingerezi a Sitandade 1 mpaka 4 okhala ndi buku la mphunzitsi lofotokoza phunziro lililonse sitepe ndi sitepe, ndipo kholo lodziwa kuwerenga likhoza kulitsatira. Mukasowa nthano zowerenga, pa tsamba la African Storybook pali timabuku taulere ta Chichewa.

Che Jafali (Mangochi)

Aphunzitsi, ndikukulemekezani, koma ndikusiyana nanu pang'ono. Mayeso a Sitandade 8 amalembedwa m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa lokha, ndipo tonse tikudziwa momwe ana amavutikira akafika Sitandade 5 pamene maphunziro onse amatembenukira ku Chingerezi. Mwana amakhala kuti masamu akuwadziwa, koma funso silikumveka. Kholo limene lili ndi ana awiri okha pakhomo, osati ana oposa 100 m'kalasi monga zimakhalira m'sukulu zina, lili ndi mpata wophunzitsa ziyankhulo zonse ziwiri nthawi imodzi, ndiye n'kudikiriranji? Kwathu kuno ana ambiri amalankhula Chiyao pakhomo, Chichewa amachipeza kusukulu, ndipo masana amaphunzira malembo a Chiarabu ku madrasa, koma mitu yawo siphulika.

Ndikufunanso kukumbutsa gulu kuti mabuku ambiri ophunzitsira pakhomo ochokera ku America, monga ACE ndi Abeka, analembedwa ndi cholinga cha chikhulupiriro cha Chikhristu, ndipo chiphunzitsocho chili m'maphunziro onse, ngakhale mu sayansi. Amene akuwafuna pa chifukwa chimenecho ali ndi ufulu, koma kholo lisagule lisanatsegule n'kuwerenga lokha.

Aphunzitsi Opuma (Zomba)

Che Jafali, pa za Sitandade 5 mwalasa penipeni, ndipo n'chifukwa chake ndinati Chingerezi cha pakamwa chiyambe tsiku loyamba. Pamene tikusiyana ndi pa malembo okha. Lembo la a m'Chichewa limamveka mofanana paliponse, pamene m'Chingerezi limasintha malinga ndi mawu, ndipo mwana wa zaka 6 akapatsidwa malamulo awiriwa sabata imodzi amayamba kungolota m'malo mowerenga. Miyezi yochepa yodikirayo imabwezedwa msanga. Kwa wamkulu wa zaka 9, ndikugwirizana nanu kotheratu kuti masamu ndi sayansi aziphunzira m'Chingerezi kuyambira pano, ndipo Chichewa chizibwera pofotokozera pamene pavuta.

Nachisale (Manchester)

Ndiyankhepo za Cambridge, popeza mlamu wa Make Tadala anaitchula ndipo palibe amene waifotokoza. Cambridge Primary ndi ya ana a zaka 5 mpaka 11, ndipo mabuku ake, ochokera ku makampani monga Cambridge University Press, Hodder ndi Collins, aliyense akhoza kugula. Mayeso a Checkpoint a pa mapeto a pulayimale amalembedwa kudzera m'sukulu zolembetsedwa ndi Cambridge, koma si okakamiza, ndipo mwana safunika kukhala nawo kuti adzalembe mayeso a Cambridge a ku sekondale otchedwa IGCSE. Choncho amene akulinga ku IGCSE asadzipanikize kugula bokosi lonse mwana ali ndi zaka 6. Chofunika pa msinkhu umenewo ndi kuwerenga, kulemba ndi masamu olimba, ndipo zimenezi zimapezeka m'silabasi iliyonse yabwino.

Kuno ku England ndime 7 ya lamulo la maphunziro la 1996 imapereka udindo kwa kholo woonetsetsa kuti mwana akulandira maphunziro oyenera msinkhu ndi nzeru zake, kaya kusukulu kaya mwa njira ina, ndipo silikakamizidwa kutsatira silabasi ya dziko. Ufulu umenewu unandisokoneza poyamba chifukwa zosankha ndi zambirimbiri. Panopa ndimatenga maphunziro aulere a Oak National Academy, yomwe inakhazikitsidwa m'chaka cha 2020 sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo ndinabwereka mfundo ziwiri kwa Charlotte Mason, mphunzitsi wa kuno amene anamwalira mu 1923. Yoyamba ndi yoti phunziro la mwana wamng'ono likhale lalifupi, mphindi 15 kapena 20, koma mtima wake wonse ukhale pamenepo. Yachiwiri ndi yoti mukamuwerengera ndime kamodzi, mutseke buku, iye afotokoze m'mawu akeake zomwe wamva. Anaphiri, njira imeneyi ndi imene ingathetse vuto lomwe munatchula lija, ndipo Bambo a Yamikani mukhoza kuiwonjezera pa timabuku tanu popanda kulipira kalikonse. Ine ndimalola wanga kufotokoza m'Chichewa nkhani yomwe tawerenga m'Chingerezi, chifukwa ngati angathe kuisamutsa chonchi ndiye kuti waimvetsadi, komanso agogo ake akaimba foni amakhala ndi chowauza.

Bambo a Chisomo (Kasungu)

Palibe amene walowa mozama pa masamu, pamene ndi phunziro limene limagwetsa makolo ambiri. Mabuku a masamu a ku Singapore amatchuka chifukwa amayamba ndi zinthu zogwirika, kenaka zithunzi, pomaliza manambala okha. Njira imeneyi mukhoza kuitsatira ndi buku la boma lomwelo. Aphunzitsi athu amaitchula nzeru yogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi kuti TALULAR.

Mwana wanga ankalemba 52 kuchotsa 27 n'kupeza 35, chifukwa ankachotsa nambala yaing'ono ku yaikulu m'mzere uliwonse mosaganizira kuti ili pamwamba kapena pansi. Ndinamutuma kukatola timitengo, tinamanga mitolo ya khumikhumi ndi mphira, ndipo ndinayala mitolo isanu ndi timitengo tiwiri tapadera. Nditamuuza kuti andipatse timitengo 7, anayang'ana tiwiri tija, anakhala chete, kenaka yekha anamasula mtolo umodzi. Kuchokera pamenepo kubwereka kunasiya kukhala lamulo loloweza. Ndikulangiza kuti musachoke pa zogwirika mwana asanayambe kutopa nazo yekha, ndipo matebulo ochulukitsa aziwaloweza pokhapokha ataona ndi zitsekerero za mabotolo kuti mizere 4 ya zitsekerero 6 ikupereka 24.

Za mapulogalamu a pa foni monga Khan Academy Kids, ndi abwino monga chothandizira, koma musamange dongosolo lanu lonse pa intaneti, chifukwa magetsi akazima kapena bandulo ikatha sukulu yanu yatsekedwa tsiku limenelo.

Anankhoma (Dedza)

Ine ndine m'modzi mwa okayikira, ndipo ndikupempha kuti mundilole ndinene. Mukukambirana za mabuku ngati kuti sukulu ndi mabuku okha, koma mwana kusukulu amaphunziranso kudikira nthawi yake, kugonja pa mpira, kusesa ndi anzake, ndi kumvera munthu amene si mayi ake. Ndiponso mtolo wonsewu kawirikawiri umagwera mayi, amene ali kale ndi zophika, zochapa, maliro ndi odwala. Mukapita kumudzi kumaliro sabata yathunthu, sukuluyo ikhala m'manja mwa yani?

Anaphiri (Mzuzu)

Anankhoma, funso la maliro ndi loona ndipo limatichitikira. Ife tinagwirizana ndi mabanja ena awiri kuti Lachisanu lililonse ana onse azikumana pa nyumba imodzi, kumene amachita zoyesera za sayansi, masewero ndi kuwerengerana mokweza, ndipo wina akachoka anzakewo amatenga ana ake. Pokonza dongosolo la teremu timasiyiratu masabata awiri opanda phunziro latsopano, chifukwa tikudziwa kuti adzadyedwa ndi matenda kapena ulendo. Kunena za mtolo wa mayi, kwathu masamu ndi a bambo, ndipo tinachita kulemba pa pepala lomata pakhoma kuti pasadzakhale kukanirana.

Woyang'anira gulu

Ndikupempha amene mukutumiza zithunzi za masamba a mabuku ogulitsidwa kuti musiye, popeza eni ake salola, ndipo amene mukutsatsa malonda a mabuku mudikire tsiku Loweruka monga mwa malamulo a gulu. Zokambirana zipitirire.

Make Tadala (Lilongwe)

Aphunzitsi, ndili ndi funso lina lokhudza wamkuluyu. Popeza ndidzamubwezera kusukulu asanalembe mayeso, kodi ndizisunga chiyani kuti mphunzitsi wamkulu adzamulandire m'kalasi yoyenera, ndipo ndidzadziwa bwanji kuti sitikutsalira?

Aphunzitsi Opuma (Zomba)

Sungani makope ake onse, ndipo ntchito iliyonse ikhale ndi deti pamwamba. Mukhale ndi kope lanulanu momwe muzilembamo mutu umene mwaphunzitsa, tsamba la buku, ndi mawu ochepa onena ngati wamvetsa kapena mubwereze. Pa mapeto a teremu iliyonse pemphani mphunzitsi wa kalasi yake pa sukulu yoyandikana nanu kuti akupatseni mapepala a mayeso omwe ana ake alemba, ndipo mwana wanu awalembe pa nthawi yoikika, inu mutatuluka m'chipindamo. Ngati n'kotheka achonge ndi mphunzitsiyo, chifukwa dzanja la kholo limafewa pa chimangirizo cha mwana wake.

Pa nthawi yomubwezera, ine ndingakonde alowe Sitandade 7 osati 8. Mafunso a PSLCE amachokera m'ntchito ya makalasi akuluakulu onse, osati ya chaka chomaliza chokha, ndipo mwana amene wazolowera kufunsa mayi ake nthawi iliyonse amafunika chaka chathunthu kuti azolowere kukopera pabolodi mofulumira ndi kulemba mayeso pakati pa anzake ambiri. Musaiwale phunziro la zaulimi, lomwe makolo a m'tauni amakonda kulidumpha. Mulimireni kabedi ka masamba kuseri kwa nyumba, ayeze yekha mipata ya mbewu ndi rula, ndipo azilemba m'kope tsiku lofesa, lomera ndi lowokera.

Che Jafali (Mangochi)

Aphunzitsi, pa za Sitandade 7 ndagwirizana nanu. Ndikuwonjezera kuti Make Tadala akakambirane ndi mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo chaka chimodzi nthawi isanakwane, atanyamula makope aja pamodzi ndi malipoti a sukulu zomwe mwanayo anaphunzirako kale, kuti ngati pali zikalata zina zofunika polembetsa adziwiretu. Nabanda, ngati mungathe, tiuzeni kuti mabuku a masamu aulere aja a Grade 4 akufanana ndi Sitandade iti kwathu kuno, chifukwa ndikufuna kusindikizako masamba a mafulakishoni sabata ino.